Munsi Ukayamba Kudya Mtondo

Azakhali anga anatha zaka zitatu akuchiza bondo losalakwa. Analitema mphini, analithowa ndi madzi otentha, analipaka mafuta onunkha aja amagulitsa anyamata m'mabasi, ndipo bufeni ankamugula ngati mchere. Ululu osasuntha. Tsiku limene tinapita nawo kukajambulitsa, dokotala anayang'ana chithunzi cha bondo kanthawi kochepa n'kuchiika pambali. Anawagoneka chagada, anawapinda mwendo, kenako anaupotolera m'kati pang'ono chabe. Azakhali anakuwa, "Mayo ine!" mpaka odwala a panja anasuzumira pakhomo.

"Mayi, bondo lanuli lilibe mlandu," anatero dokotalayo. "Likungolira maliro a mnzake. Vuto lili pamwambapa, pa nyung'unyu."

Sizachilendo. Mitsempha imene imanyamula uthenga wa ululu kuchokera pa nyung'unyu ndi yomweyo imene imafika kubondo, ndiye ubongo nthawi zina umasokoneza kumene kalata yachokera. Anthu ambiri amamva ululuwo m'mphechepeche, ena m'thako, ena kutsogolo kwa ntchafu, ena pabondo penipeni ngati azakhali.

Mawu akuti nyung'unyu achinyamata ambiri sawagwiritsanso ntchito, amangoti chiuno. Koma chiuno ndi pomwe amayi amamanga chitenje. Nyung'unyu ili m'munsi mwake ndiponso m'kati, pomwe fupa la ntchafu limalumikizana ndi mafupa a chiuno. Owerenga Baibulo anaimvapo pa nkhani ya Yakobo, yemwe analimbana ndi mlendo usiku wonse pa mtsinje wa Yaboki n'kuchokapo akutsimphina.

Kuti muione bwino, taganizani za mtondo ndi munsi. Fupa la ntchafu, lomwe ndi lalitali kuposa mafupa onse m'thupi, likafika kumtunda limakhotera m'kati, n'kukhala ndi kakhosi, ndipo pamwamba pa kakhosiko pali mutu wobulungira waukulu ngati ndimu. Umenewo ndiye munsi. Fupa la chiuno lili ndi dzenje lozama bwino momwe mutuwo umalowa. Limenelo ndiye mtondo. Azungu akale atawona dzenjeli analitcha acetabulum, dzina la kabakuli komwe Aroma ankaikamo viniga patebulo. Aliyense amafanizira ndi za kukhitchini kwawo.

Kusiyana kwake n'kwakuti munsi uwu suchoka mu mtondo. Sukwera n'kugwa ngati pokonola. Umangozungulira m'katimo, monga amachitira mayi akamapera tsabola ndi kamunsi, ndipo minyewa yolimba yaumangirira kuti usatuluke. Pa chifukwa chimenechi mwendo umatha kupita kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, n'kuzungulira, pomwe bondo limangotseka ndi kutsegula ngati chitseko.

Nanga bwanji fupa silidya fupa linzake? Mukamadya ntchafu ya nkhuku, yang'anani kunsonga kwa fupa. Pali kachipewa koyera, koterera, kamene ana amakonda kukukuta. Chimenecho ndi chicherewecherewe. Pa nyung'unyu ya munthu chimakuta mutu wa munsi ndiponso chimayala m'kati mwa mtondo, ndipo kuchindikala kwake ndi mamilimita awiri kapena atatu basi. Pakati pake pamakhala timadzi tonanda ngati therere, tomwe thupi limapanga lokha. Chicherewecherewe chilibe mitsempha ya ululu, n'chifukwa chake munthu wabwinobwino samva kalikonse akamayenda. Chilibenso mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera mu timadzi tija: mukaponda chimafinyika, mukanyamula phazi chimamwa, ngati siponji. Kuyenda ndiye kuchidyetsa. Koma poti magazi safikako, chikang'ambika kapena kuperepeseka sichimeranso ngati khungu.

Ntchito yomwe kachipewa aka kamagwira ndi yoopsa. Munthu akamayenda, nthawi imene waima ndi mwendo umodzi, nyung'unyu imasenza katundu wolemera pafupifupi katatu kuposa thupi lake, chifukwa minofu ya m'thako imakoka mwamphamvu kuti chiuno chisapendekeke. Mayi wa makilogalamu 60 ndiye kuti pa sitepe iliyonse amatsitsa pa kandimu kaja matumba atatu ndi theka a chimanga. Akasenza ndowa ya malita 20 kuchokera ku mjigo, madziwonso amachulukitsidwa katatu. Muwerengere zaka makumi asanu za kumunda, kumtsinje ndi kuchigayo.

Mtondo uliwonse umatha. Njira yodziwika kwambiri ndi imene inawagwera azakhali, nyamakazi ya kutha kwa mfundo, imene madokotala amati osteoarthritis. Chicherewecherewe chimayamba kukhakhala, chimachita timing'alu, chimapyapyala, mpaka penapake pamaoneka fupa lenileni. Fupa ndiye lili ndi mitsempha ya ululu. Likamakhuzana ndi linzake limauma gwa, ndipo m'mphepete mwake mumamera timinyanga, monga mutu wa chizulo umaphwasukira ukamenyedwa ndi hamala zaka zambiri. Timinyangato timatsekereza munsi kuti usazungulire. Munthu amayamba kulephera tinthu tochititsa manyazi kunena: kuwenga zikhadabo za kuphazi, kuvala sokosi, kukwera pa kabaza, kutsika mu minibasi anthu akudikira. M'mawa mwendo umauma kwa mphindi zingapo, n'kumasuka akayenda pang'ono, n'kudzapwetekanso madzulo. Zikafika poipa mwendo umafupika, ndipo ululu umamutsatira munthu mpaka pamphasa usiku.

Timangoti ndi ukalamba, koma si okalamba onse amene amadwala. Mtundu umathandizira, kunenepa kwambiri kumathandizira, ntchito yonyamula zolemera imathandizira, ngozi yakale imathandizira. Ena anabadwa ndi mtondo wosazama, ndiye munsi umangotsamira m'mphepete n'kudya mbali imodzi msanga. Pa vuto limeneli amayi athu ali ndi mwayi womwe sadziwa. Mwana woberekedwa kumbuyo, miyendo itatang'adza ngati chule, mutu wa fupa lake umakhala pakati penipeni pa dzenje ndipo umalikumba bwino akamakula. Kumaiko kumene amakulunga makanda mothina, miyendo itawongoka, ana obzungunyuka nyung'unyu amachuluka. Madokotala a mafupa ku Blantyre analembapo kuti vutoli limawapeza mwa apo ndi apo, ndipo analoza mbereko ngati chimodzi mwa zifukwa zake.

Koma kuno kwathu nkhani yaikulu ili pena. Mu 2005 madokotala a mafupa ku Blantyre anayamba kulemba m'kaundula aliyense woikidwa mfundo yachitsulo m'Malawi, ntchito imene inatsamira kwambiri pa chipatala cha Beit CURE, chomwe chinatsegulidwa mu 2002. Atatulutsa zotsatira zoyamba mu 2009, zinaoneka kuti odwala athu ndi aang'ono poyerekeza ndi a ku Ulaya. Pa avereji anali a zaka za m'ma 50, pomwe ku Britain ambiri amakhala akuyandikira zaka 70. Ndipo chifukwa chimene chinatsogola sichinali kutha kwa chicherewecherewe ayi. Chinali kufa kwa mutu wa fupa posowa magazi, kumene madokotala amati avascular necrosis.

Apa fanizo la mtondo limayamba kuperewera, chifukwa munsi wa m'thupi ndi wamoyo. Fupa limadya, limapuma, limadzikonza tsiku ndi tsiku. Mutu wa fupa la ntchafu uli ngati mudzi wa pachilumba umene uli ndi mlatho umodzi. Magazi ake ambiri amadutsa m'timitsempha ting'onoting'ono tokwawa m'mbali mwa kakhosi kaja. Mlathowo ukaduka kapena kutsekeka, mudzi umagona ndi njala. Fupa limafa m'kati, koma kunja limaonekabe bwinobwino, ndipo chithunzi wamba cha ekisire chimatha kusonyeza kuti zonse zili m'malo. Makina a MRI ndi amene amaona msanga. Munthu amapitiriza kuyenda pa fupa lakufalo kwa miyezi, mwina chaka kapena ziwiri, ngati amene akugona m'nyumba yomwe chiswe chadya phaso. Tsiku lina denga limatitimira. Mutu wobulungira uja umaphwatalala, chicherewecherewe cha pamwamba pake chimakwinyika ngati chikopa cha mpira wophwa, ndipo munsi wophwanyikawo umayamba kukanda mtondo womwe unalibe vuto.

Zotseka mlathowu zimadziwika. Matenda a sikoselo, amene amapinda maselo a magazi ngati zenga n'kumakodwa m'timitsempha, amawononga nyung'unyu za anyamata ndi atsikana asanakwatire n'komwe. Mowa wambiri wa zaka zambiri umachita zomwezo. Mankhwala a gulu la steroid, monga prednisolone ndi dexamethasone, akamwedwa ochuluka kwa nthawi yaitali, nawonso amapha fupa. Mankhwalawa ndi opulumutsa moyo akalembedwa ndi dokotala, koma chimandidetsa nkhawa n'chakuti munthu amatha kuwagula ngati maswiti, n'kumawamwa pofuna kuziziritsa mafupa kapena kunenepa, osadziwa kuti akugwetsa mlatho wake yekha. Anthu amene ali ndi HIV vutoli limawapeza kawirikawiri kuposa ena, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kaundula wathu anasiyanira ndi wa ku Ulaya. Wina asamve molakwa n'kusiya ma ARV. Amene akumwa mankhwala mwandondomeko ndi amenenso thupi lake limapirira opaleshoni, ndipo madokotala omwewo a ku Blantyre anasonyeza kuti odwala otere amachira bwino akaikidwa chitsulo. Chofunika n'chakuti munthu wa zaka 35 kapena 40 akayamba kumva ululu m'mphechepeche wosadziwika mutu wake, asauzidwe kuti ndi kutopa. Matendawa amakondanso kugwira mbali zonse ziwiri.

Njira yachitatu ndi ya mwadzidzidzi. Gogo waterereka pa ndere ya kubafa, wagwera m'mbali, sakutha kudzuka. Mukamuyang'ana, mwendo umodzi wafupika ndipo phazi lagonera kunja. Kakhosi kaja kathyoka. Mafupa a okalamba, makamaka amayi amene anasiya kusamba, amafumbwa m'kati ngati chimanga cholowa anankafumbwe: njere ikuoneka yathunthu, koma kuifinya ndi ufa wokhawokha. Kakhosi kakathyoka n'kusuntha, mlatho wa magazi umadukira pomwepo, ndiye ngakhale mutalumikiza ndi misomali mutuwo ukhoza kufa. N'chifukwa chake kwa okalamba madokotala amakonda kungochotsa mutuwo n'kuika wachitsulo, mtondo n'kuusiya wakale. Ndipo amafuna kutero m'masiku ochepa, chifukwa chimene chimapha gogo si fupa, koma kugona. Milungu ingapo ya pabedi imabweretsa zilonda za pamsana, chibayo ndi magazi oundana m'miyendo.

Palinso TB ya m'mafupa, mafinya olowa mu mfundo mwana ali wamng'ono, nyamakazi yotupitsa mfundo imene chitetezo cha thupi chimaukira mwini wake, ndi ngozi za njinga zamoto zomwe zadzaza zipatala masiku ano. Zonsezi zimathera pamodzi: munsi wokhakhala mu mtondo wokumbika.

Mpeni suyamba. Dokotala wabwino amayamba ndi ndodo, ndipo ndodoyo imagwiridwa ku dzanja la mbali yabwino, osati yodwalayo. Azakhali anatsutsa zimenezi sabata yathunthu, mpaka atayesa okha n'kuona kuti katundu wapepuka. Kenako mafizo olimbitsa minofu ya m'thako, kuchepetsa thupi ngati lachuluka, ndi mankhwala opha ululu. Bufeni ndi indosidi amathandiza, koma akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka amaboola chifu ndi kutopetsa impso. Wogulitsa aliyense amene akulonjeza botolo lomeretsanso chicherewecherewe akungofuna ndalama zanu. Opaleshoni imabwera munthu akasiya kugona tulo, akasiya kupita kutchalitchi ndi kumsika, dziko lake lonse likatsala khonde.

Mukanalowa ku fiyeta tsiku limenelo mukanayesa mwasochera n'kufika kwa kalipentala. Muli macheka, hamala, zoboolera, zopalira. Wodwala nthawi zambiri amabayidwa jakisoni wa pamsana amene amaziziritsa thupi kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo ena amamva kugogoda konse ali maso. Dokotala amacheka m'mbali mwa thako kapena kutsogolo kwa ntchafu, amapatula minofu, n'kugwedula munsi kuutulutsa mu mtondo. Amadula kakhosi ndi macheka, mutu wowonongeka uja n'kuuchotsa. Akatero amatembenukira ku mtondo. Monga mmisiri amazamitsira mtondo ndi kasemasema, iye amapala dzenjelo ndi chipangizo chobulungira chokhala ndi mano, kuyambira chaching'ono kupita chachikulu, mpaka zotsalira za chicherewecherewe zitatha n'kufika pa fupa lamoyo lotuluka magazi. M'menemo amakhazikamo kabakuli katsopano, kachitsulo koyalidwa pulasitiki wolimba m'kati, kapena kapulasitiki kokhakokha.

Ku ntchafu ndiye amachita zomwe mlimi aliyense amazidziwa. Khasu lili ndi msuka, nsonga ija imalowa mu mpini. Fupa la ntchafu ndi lamphako, muli mafuta. Dokotala amakonza mphakoyo kuti ifanane ndi msuka wachitsulo wotalika ngati chikhatho, n'kuulowetsa. Pamwamba pa msukawo pali kakhosi katsopano, ndipo pa kakhosipo amavekapo mpira wosalala ngati galasi, wachitsulo kapena wa dongo lowotcha la mtundu wapadera. Aliyense amene anakhomerapo khasu amadziwa vuto lake: mukalekerera, khasu limagwedera, mukamenya mopitirira, mpini umang'aluka. Fupa nalonso limang'aluka. Luso la dokotala lili pa kumva ndi khutu ndi dzanja pamene hamala yasintha kulira.

Kugwiritsa msukawo kuli pawiri. Ena amathira simenti wa mafupa, phala lomwe limauma m'mphindi khumi zokha likutentha. Si guluu ayi. Amagwira ntchito ngati matope pakati pa njerwa, kudzaza mipata yonse kuti pasakhale pogwedera. Njira inayo ilibe simenti. Chitsulocho amachipanga chokhakhala, chokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo fupa limamera n'kulowa m'timabowomo m'milungu isanu ndi umodzi kufika miyezi itatu, monga mtengo wa mpanda umamezera waya womwe anaumangirira. Mafupa ofumbwa a okalamba amakonda simenti. Mafupa olimba a achinyamata amatha kumeza chitsulo okha. Akamaliza amabwezera munsi mu mtondo, amayesa kupinda mwendo uku ndi uku kuti aone ngati sukutuluka, amayerekeza kutalika kwa miyendo iwiriyo, n'kusoka. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena awiri.

Zikumveka zophweka, koma anthu anavutika nazo zaka 70. Mu 1891 dokotala wa ku Berlin, Themistocles Gluck, anayesa mutu wosemedwa ku mnyanga wa njovu. Ku Boston, Marius Smith-Petersen anayesa kachipewa kagalasi, kamene kankasweka. Ku London, Philip Wiles anaika zitsulo mbali zonse ziwiri mu 1938, koma zinkagwedera. Amene anamasula mfundoyi ndi John Charnley, dokotala wa ku England yemwe ankagwira ntchito pa chipatala cha Wrightington pafupi ndi Wigan. Chimene chinamutsegula maso ndi wodwala wina amene nyung'unyu yake yoikirira inkalira kwiii, kwiii, ngati wilibala yosowa girisi. Charnley anazindikira kuti vuto lonse ndi kukhuzana, ndipo anayamba kufunafuna chinthu choterera kuposa zonse.

Anasankha Teflon, pulasitiki yemweyo amene masiku ano amayala m'mapoto kuti mazira asamatirire. Miyezi yoyamba odwala anavina. Koma chinali chikomekome cha mkuyu. Pasanathe zaka ziwiri kapena zitatu Teflon uja anaperepeseka, ndipo fumbi lake linatupitsa minofu ndi kudya fupa mwa anthu pafupifupi 300, omwe ambiri anafunika kuwatsegulanso. Mu November 1962 anayesa pulasitiki wina wolimba kwambiri, polyethylene, yemwe ankagwiritsidwa ntchito m'makina a m'mafakitale oluka nsalu. Pofuna kutsimikiza, anadzibaya yekha m'ntchafu tizidutswa ta mapulasitiki awiriwo kuti aone amene thupi lingamukane. Anachepetsa mpira kufika pa mamilimita 22 kuti uzikhuza malo ochepa, anabwereka simenti kwa madokotala a mano, ndipo anapempha odwala ake kuti akadzamwalira adzamubwezere nyung'unyu zawo kuti aone mmene zatheramo. Anamwalira mu 1982. Mu 2007 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatcha ntchitoyi opaleshoni yopambana ya zaka 100 zapitazo, ndipo sindikuona chotsutsa.

Chinthu china chomwe Charnley analimbana nacho ndi tizilombo, mpaka anamanga kachipinda kapadera kouzira mpweya wosefa pamwamba pa wodwala. Mnofu wamoyo uli ndi asilikali ake oyenda m'magazi. Chitsulo chilibe. Tizilombo tikafika pa chitsulo timamanga msasa, n'kudziphimba ndi utoto wonanda ngati ndere ya m'kati mwa mtsuko wosatsukidwa, ndipo mankhwala amangodutsa pamwamba. Zikatero nthawi zambiri pamafunika kuchotsa zonse, kupha tizilomboto, n'kudzayambiranso. Zimachitika kwa munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, koma kwa iyeyo ndi tsoka lalikulu. Ndiye musadabwe dokotala akakubwezani chifukwa cha dzino lobooka, chilonda cha pamwendo kapena shuga wokwera. Azakhali anawabweza kamodzi chifukwa cha dzino, ndipo anakwiya njira yonse, akuti dzino ndi mwendo zikugwirizana pati.

Chitsulo sichidzikonza. Mu 2019 The Lancet inasonkhanitsa zolembedwa m'makaundula a maiko angapo n'kupeza kuti pa nyung'unyu 100 zoikirira, pafupifupi 89 zimafika zaka 15 zili bwino, 70 zimafika zaka 20, ndipo 58 zimafika zaka 25. Chimene chimazitha kwambiri ndi fumbi la pulasitiki. Thupi likamalimbana ndi fumbilo limadyanso fupa lozungulira, msuka n'kuyamba kugwedera. Mlimi amadziwa kuti mpini ukakula bowo, khasu lachiwiri siligwira ngati loyamba. Opaleshoni yobwereza ndi yaitali, yodula ndiponso yovuta. Kwa gogo wa zaka 75 nkhani imeneyi siidetsa nkhawa. Kwa mnyamata wa sikoselo wa zaka 25 ndi funso lowawa: apirire ululu pa zaka zomwe ayenera kugwira ntchito ndi kulera ana, kapena alandire chitsulo akudziwa kuti adzabwereranso ku fiyeta kamodzi kapena kawiri? Mapulasitiki a masiku ano amachedwa kutha kuposa a kale, zimenezo n'zoona. Koma si chatsopano chilichonse chomwe chili chabwino. Makampani atabweretsa mitundu ya chitsulo chokhuza pa chitsulo chinzake, akulonjeza kuti siidzatha, fumbi lake la cobalt ndi chromium linawononga minofu mwa anthu ambiri, ndipo mu 2010 kampani ya DePuy inachotsa pamsika mtundu wake wa ASR utaikidwa kale mwa anthu pafupifupi 93,000.

Zonsezi ndi nkhani za amene wafika ku fiyeta. Ambiri mwa anthu athu safikako. Zitsulozi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja, madokotala odziwa kuziika ndi owerengeka, ndipo mtengo wake m'zipatala zolipira ndi mamiliyoni a makwacha. Opeza bwino amakwera ndege kupita ku India kapena ku South Africa. M'zipatala za m'maboma ntchito ya mafupa ili m'manja mwa makiliniko ofesala ophunzira za mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo amagwira ntchito yotamandika ndi zipangizo zochepa. Kumene kulibe chitsulo, nthawi zina madokotala amangodula mutu wowonongekawo osaikapo kanthu, njira imene Gathorne Girdlestone wa ku Oxford anaitchukitsa pochiza TB ya nyung'unyu. Mwendo umafupika, munthu amatsimphina moyo wake wonse, koma ululu umachepa. Kutsegulidwa kwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pa Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2023 kunabweretsa chiyembekezo, ngakhale mzere wa odikira ndi wautali kuposa mabedi. Za azakhali zinatheka chifukwa mwana wawo wa ku Joni anatumiza zomwe anasunga zaka zinayi, ndipo ng'ombe ziwiri zinatuluka m'khola.

Mawa lake la opaleshoni, namwino ndi mtsikana wa mafizo anabwera pabedi n'kunena kuti, "Amayi, tiyeni tidzuke." Azakhali anawayang'ana ngati amisala. Koma kudzuka msanga ndi mankhwala: kumayendetsa magazi kuti asaundane m'mitsempha n'kuthamangira ku mapapo, kumatsegula chifuwa, kumadzutsa minofu. Anaponda pansi atagwira chitsulo choyendera, anaima, n'kukhala chete. Kenako anati, "Bala likuwawa, koma chija chinkandiluma m'katimu chapita kuti?" Anayenda ndi ndodo ziwiri milungu isanu ndi umodzi, kenako imodzi, kenako anayamba kuiiwala kutchalitchi.

Vuto lenileni linatidikira kumudzi. Mpira woikirira ndi waung'ono kuposa mutu wachibadwa, ndipo minofu yodulidwa ija isanapole, munsi ukhoza kudumpha mu mtondo munthu akapinda kwambiri. Malangizo amene anatipatsa anali akuti kwa miyezi itatu yoyamba bondo lisakwere kupitirira chiuno, miyendo isapingasane, asakhale pa chinthu chachifupi, asatole kanthu pansi mowerama. Malangizo amenewa analembedwa ndi anthu okhala ndi mipando, mabedi aatali ndi zimbudzi zokhalira. Moyo wa mayi wa kumudzi uli pansi. Amaphika pa mafuwa atanjuta, amachapa atawerama, amasankha nyemba atatambalala pamphasa, amagwada popereka moni kwa akulu, ndipo chimbudzi ndi chokumba. Pepala la kuchipatala linali lisananene chilichonse za chimbudzi chokumba.

Tinaitana kalipentala wa pamsika. Anabwera ndi tepi, anayeza kuchokera pansi kufika pabondo la azakhali, n'kuonjezerapo zala zinayi. Anakhoma mpando wamatabwa wobooka pakati, wokhala ndi zogwirira m'mbali, woika pa dzenje la chimbudzi. Anakhomanso wina wautali wa pakhonde, ndipo bedi tinalikweza ndi njerwa ziwiriziwiri kumwendo kulikonse. Mbaula inakwera pa tebulo. Mtondo wawo weniweni, umene anasinjiramo zaka 40, unapita kwa mpongozi.

Patatha miyezi iwiri kunagwa maliro kutsidya kwa dambo, ndipo azakhali anakana kutsala. Mdzukulu wawo anasenza mpando wautali uja pamutu, iwo akutsatira pambuyo ndi ndodo. Atafika pa siwa, amayi onse ali pansi pamphasa monga mwa mwambo, iwo anakhazika mpando wawo pakhomo n'kukhalapo, mutu wawo uli pamwamba pa onse ngati mfumu. Manong'onong'o anayamba. Mayi wina wachikulire anawayandikira n'kufunsa chapansipansi ngati aiwala kuti mipando ndi ya abambo.

"Pepani amayi," anatero azakhali, akusisita thako lawo. "Ine mwambo ndimaudziwa. Koma chitsulo chili umuchi ndi chachilendo, sichinavinidwe."

Mayi uja anagwira pakamwa kubisa kuseka, n'kuwasendezera buku la nyimbo.